A Kamwendo ndi mwana wosajomba

A Kamwendo tinawaika m'manda Lachinayi lapitali, ndipo ndikhulupirira kuti akanapeza mpata wodzutsa mutu m'bokosi muja, akanayamba kuwerenga anthu. Osati pofuna kudziwa ngati maliro awo anali aakulu, ayi. Akanafuna kudziwa amene sanabwere, ndi chifukwa chake. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito pa sukulu yathu ya pulayimale, kuseri kwa Nsaru njira yolowera ku Kabudula, ntchito yawo inali yomweyo, kufunafuna mwana amene palibe.

Olankhula pamaliro ananena zambiri. Anati anali munthu wofatsa, zomwe ndi zabodza. Anati sankakangana ndi munthu, ndipo apo ngakhale mayi a kunyumba kwawo, ali m'kati molira, anadzutsa nkhope kumuyang'ana wolankhulayo. Palibe anatchula za Felesiya, mtsikana amene anatsala pang'ono kuphonya mayeso a Sitandade 8 chifukwa dzina lake silinali m'buku lililonse la pasukulu, chonsecho ankakhala m'kalasi mwanga, pamaso panga penipeni. Nkhani imeneyo ndiinena ine, poti wochita nayo manyazi kwambiri ndine.

Ntchito ya uphungu, yolangiza ana pasukulu, sanachite kuifunsira. Mawu ndiwo anawathera. Atakuwa zaka zambiri m'makalasi a pansi pa mtengo, mmero unasasa osabwereranso, moti akamaphunzitsa ankamva ndi ana a mzere woyamba okha, ena onse n'kumangoonera milomo. Ahedi a nthawi imeneyo anaona kuti munthu wolankhula monong'ona ndi woyenera kumva zinsinsi za ana. Anawapatsa udindowo poganiza kuti mkuluyo azingokhala phee kudikira penshoni. Analakwitsa. Sabata yomweyo a Kamwendo anapalasa njinga kupita pa Nsaru, nabwerako ndi buku lalikulu lachikuto cholimba, rula ndi mabolopeni atatu.

Bukulo ankalimanga ndi mphira ya tchubu cha njinga, ndipo linkayenda nawo kulikonse, kutchalitchi ndi kumaliro komwe. Munali ana onse kuyambira Sitandade 5 kupita m'mwamba, dzina kumanzere, masiku pamwamba, mizere yojambula okha. Wobwera ankamuchonga. Wojomba, mtanda. Wochedwa, kadontho. Wogona m'kalasi, wobwera wopanda cholembera, wachilonda, wosiya kuseka, aliyense anali ndi chizindikiro chake, ndipo tanthauzo la zina apita nalo kumanda. Ana anawapatsa dzina loti a Chongani. Iwo ankalidziwa bwino, ndipo tsiku lina ndinapeza kuti analemba ndi mayina a amene analiyambitsa.

Ankakonda kunena kuti mwana sasiya sukulu tsiku limene wasowa. Amayamba kusiya pang'onopang'ono, Lachiwiri lina apa, Lachisanu lina apo, ndipo amene akuyang'ana bwino amamuona akutuluka miyezi itatu asanafike pakhomo. Ankatinso kujomba kamodzi ndi malungo, koma kujomba tsiku la msika lililonse ndi bizinesi. Mwana akasowa ndithu, ife m'kaundula tinkalemba kuti wasiya. Iwo mawu amenewo ankawakana. M'buku mwawo ankalemba kuti sanabwerebe, ndipo ena mwa osabwerabewo tsopano ali ndi ana atatu.

Kuipa kwake, bukulo silinkasankha. Aphunzitsife tinalimo, kumasamba akumapeto. Tsiku lina anandipeza pakhonde la ofesi, nandifunsa mwachifundo ngati ndinapitako kuchipatala ndi mutu wanga uja.

"Mutu uti, aphunzitsi?"

"Umene umakupwetekani tsiku lotsegula mabelo a kaunjika pa Nsaru. Wakugwirani kanayi teremu ino, madamu. Matenda otsata kalendala ngati amenewa ndi oopsa."

Sindinawalankhule masiku awiri. Mutuwo unachira.

Ngakhale kunyumba anayesako. Mayi a kunyumba kwawo, a Nambewe, anapeza tsamba losonyeza masiku amene ndiwo zinachuluka mchere, ndipo pambali pake panali mawu oti zimachitika kwambiri kukakhala kwaya ya amayi. Tsamba limenelo linakoleza moto wa tiyi, ndipo kafukufuku wa kukhitchini anathera pomwepo. Mwini nyumba yoonetsa mafilimu pamsika anavutika kuposa pamenepo. A Kamwendo sanamukalipire kuti akusokoneza ana. Ankangolowa nthawi ya sukulu, kulipira pakhomo ngati wina aliyense, kukhala benchi yakutsogolo atafulatira filimu, buku lili pamiyendo, n'kumachonga olowa. Anyamata ankatulukira pazenera. Patatha sabata ziwiri mwini wakeyo analemba yekha pachitseko kuti wa yunifolomu asayerekeze.

Koma ana ankawakonda, ndipo ndinkachita nazo kaduka. Sankamuitanira mwana mu ofesi. Ankamupeza nthawi yopuma, kumugawira mtedza wokazinga wa m'thumba la jekete, n'kuyamba kufunsa za mbuzi za kwawo, za khanda la amayi ake, za mlatho wa pa dambo. Za sukulu ankafunsa pomaliza, mwina osafunsa n'komwe. Poti mawu awo anali onong'ona, mwana ankayenera kusendera pafupi kuti amve, ndipo akasendera ankapezeka waulula zonse.

Ndi bukulo anazindikira kuti atsikana akuluakulu ankasowa masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse. Nkhani yotere sakanaitchula ndi pakamwa pawo, mwamuna wachikulire, mkulu wa mpingo. Anangokopera tsambalo, kulipereka kwa amayi a komiti ya sukulu, kuloza zimbudzi za atsikana zomwe zinalibe zitseko, iwo n'kuthawa. Teremu yotsatira zitseko zinaikidwa, ndowa ya madzi inaikidwa, ndipo mitanda inachepa. Anayenda ndi tsamba latsopanolo m'thumba mwezi wathunthu, kulionetsa ngakhale kwa wokonza njinga.

Bukulo linkaphonyanso nthawi zina, ngakhale iwo sankavomera. Anapalasapo njinga mpaka kufupi ndi Kasiya kukatsutsa makolo a mwana wina amene ankamuganizira kuti amusandutsa wabusa wa ng'ombe. Anakapeza kuti mwanayo anasamukira sukulu ina kalekale, ndipo ndiye woimba belu kumeneko. Anadya maungu, nabwerera, natiimba mlandu ifeyo woti sitiwauza zinthu.

Ndiye kunabwera tabuleti. Bungwe lina la m'tauni linasankha sukulu zingapo za dera lathu kuti ziziona msanga ana amene ali pafupi kusiya. Woyang'anira ntchitoyo anali a Tamanda, mayi wachitsikana wa nsapato zoyera zimene fumbi la kwathu linazikonza tsiku loyamba lomwe. Lachisanu lililonse tinkalowetsa kaundula wa kalasi m'kachipangizomo, iko n'kupaka ana mitundu. Wobiriwira ali bwino. Wachikasu muyang'anitsitseni. Wofiira, phungu apite kwawo sabata isanathe.

A Kamwendo anachita nsanje ngati mkazi wamkulu. Tabuletiyo ankaitcha kagalasi. Pofuna kutsegula tsamba lina ankayamba anyambita chala, a Tamanda n'kumatembenukira kumbali kupukuta ndi mpango. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti kagalasiko kankagwirizana nawo. Mwana amene iwo anamupeza atawerenga mitanda masiku awiri, iko kankamufiiritsa m'kuphethira kwa diso. Anayesa teremu yonse kukagwira bodza, osatheka. Potsiriza anangoti kagalasi n'kanzeru ndithu, koma kamadziwa zokhazo zimene kauzidwa, ndipo kalibe miyendo.

Anthu ambiri amakumbukira kuti ahedi athu anakhala teremu yathunthu osalankhulana ndi a Kamwendo, moti uthenga unkadutsa mwa ine ngakhale onse atakhala pa benchi imodzi. "Madamu, auzeni aphungu kuti msonkhano ndi mawa." "Madamu, auzeni ahedi kuti ndamva, makutu sanasase." Ochepa ndiwo amadziwa chimene chinayambitsa.

Chaka chimenecho, sukulu zitangotsegulidwa, lole inatsitsa mabanja a matenanti ochokera ku Phalombe pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo. Mwa ana awo, m'kalasi mwanga mwa Sitandade 8 munalowa Esinati Namate, ndi kalata yake ya transifa yodinda bwinobwino. Kalasi yanga inali yodzaza mpaka pakhomo, mawondo a wina pamsana pa mnzake. M'mawa ndinkaitana mayina mutu uli m'kaundula, kuthamangira kuti ndiyambe masamu. "Esinati Namate!" Kumbuyo kunkamveka "Ndilipo, madamu," ine n'kuchonga. Ana a matenanti amajomba kwambiri nyengo imeneyo chifukwa chothirira nazale za fodya, koma Esinati sanajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Pa tabuleti anali wobiriwira ngati tsamba la mpiru, ndipo sukulu yathu inakwera pamwamba pa zinzake zonse za m'ntchitoyo. A Tamanda analengeza kuti akuluakulu awo abwera Lolemba kudzapereka chikwama ndi nyale ya sola kwa mwana wachitsanzoyu. Ahedi anagula tayi.

A Kamwendo okha ndiwo ankayenda nkhope itakwinyika. Lachitatu, kutatsala masiku ochepa kuti alendo afike, anandiitana, namasula mphira. Anali atakopera zotsatira za timayeso tonse ta Esinati, tsiku ndi tsiku.

"Madamu, tandithandizani. Mwana uyu Lolemba masamu wakhoza onse. Lachiwiri masamu omwewo walakwa onse, koma chimangirizo chake mpaka mwalembapo kuti zabwino kwambiri. Lero nzeru za masamu zabwerera. Sabata yatha zinali chomwecho, kungosinthana masiku. Poyamba ndimati ndi njala, koma phala amamwa tsiku lililonse, kapu yake ndimaiona."

"Ana amatero, aphunzitsi. Tsiku lina mutu umagwira, tsiku lina ayi."

"Eya. Nanga dzanja? Dzulo amalemba ndi lamanzere. Lero akulemba ndi lamanja. Dzanjanso limatero, eti?"

Nthawi yopuma tinamuitana mtsikanayo kuseri kwa kalasi, a Kamwendo n'kutulutsa mtedza. Anafunsa za ulendo wa pa lole, za phiri la kwawo, ngati fumbi la kuno walizolowera. Kenako anafunsa ngati nkhani wamba, "Nanga mnzako uja wamanzere ali kuti lero?"

Mtsikanayo anayankha maso ali pa mtedza wa m'manja mwake. "Akuthirira nazale, sala."

"Iwe ndiwe Esinati?"

"Esinati ndi amene akuthirirayo. Ine ndine Felesiya."

Anali munthu ndi mng'ono wake, osiyana chaka chimodzi, onse a Sitandade 8 poti wamkuluyo, Felesiya, anabwerezapo kalasi. Lole inafika kwawo tsiku lonyamuka lisanakwane, kalata yodinda itangotuluka imodzi, ya Esinati. Bambo awo anaona kuti zangokhala bwino, popeza ku nazale kunkafunika munthu mmodzi m'mawa uliwonse. Koma atsikanawo sanafune kuti wina atsale, choncho anagawana zonse: dzina limodzi, yunifolomu imodzi, kapu imodzi ya phala, lero uyu, mawa uyo. Wopita akaweruka ankaphunzitsa wotsala. Anzawo a m'kalasi onse ankadziwa. Osadziwa tinali ine, ahedi ndi kagalasi. Sanali mapasa, ndinene poyera. Felesiya anali wamtali kuposa mng'ono wake ndi chikhatho chathunthu.

Vuto linali Lachisanu la sabata yotsatira. Tsiku limenelo kunkabwera wojambula zithunzi za ziphaso za mayeso, ndipo nkhope imene yajambulidwa pa dzina ndiyo imalowa m'chipinda cha mayeso. Atsikanawo anali atawerenga kale masiku. Lachisanu limenelo linagwera Esinati, mwini dzina. Felesiya anati palibe kanthu, iye azingothirira, ndipo fodya akagulitsidwa pali mwamuna wina kumudzi amene anafunsapo kale za iye kwa bambo ake. Ananena zimenezi osalira, akutafuna mtedza. Amene analira ndine.

Ahedi atamva anatseka chitseko ndi zenera lomwe. Anati nkhaniyi ikatuluka anthu ati timaphunzitsa mwana pa dzina la wina, sukulu ichita manyazi, alendo abwerera ndi nyale yawo. Mndandanda wa olemba mayeso unali utatayipidwa kale. Mwini dzina ajambulidwe, winayo adzayambe chaka chamawa.

"Chaka chamawa lole idzakhala itawatenga," anatero a Kamwendo.

"Aphungu, mwana ameneyu ndi wobiriwira. Ntchito yanu ndi ana ofiira. Zobiriwira zisiyeni."

A Kamwendo anamanga buku lawo, natuluka mwaulemu kwambiri. Ulemu umenewo ukanawachenjeza ahedi.

Lolemba alendo anafika pa galimoto yoyera. Ana anaimba nyimbo ziwiri, makolo a komiti atakhala pa timabenchi mawondo ali m'zibwano. Ahedi analankhula za kulimbikira mpaka tayi inanyowa. Kenako a Tamanda anakweza tabuleti, naitana, "Esinati Namate, mwana amene sanajombepo!"

Anaimirira awiri. Wina mu yunifolomu, wina mu diresi yakunyumba yodzaza matope a kudambo, atagwirana manja. Kumbuyo kwawo kunatulukira a Kamwendo, buku lili m'khwapa. Poti mawu awo sankafika patali, bwalo lonse linakhala chete kuti limve, ngakhale tiana ta Sitandade 1.

"Pepani, alendo athu. Kagalasi kanu sikananame, kanauzidwa zimenezo. Koma mwana wosajomba pano palibe. Pali ana awiri, aliyense wajomba theka la masiku. Ndikupempha mutichotsere wobiriwira mmodziyu, mutipatse ofiira awiri."

Mkulu wa alendowo anafunsa ngati wamva bwino, kuti mphunzitsi akupempha kuti sukulu yake itsike.

"Itsike ndithu, bwana. Wobiriwira sayenderedwa. Ine ndikufuna chilolezo chopita kwawo."

Ahedi anamwetulira ngati munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. A Tamanda anayang'ana atsikanawo, nayang'ana tabuleti, ndipo ndiwayamikire, sanateteze kachipangizo kawo. Anakhala pansi pomwepo, nafunsa Felesiya dzina la sukulu yake yakale, nayamba kufufuza nambala ya ahedi a kumeneko. Nyale inaperekedwabe, poti inali itabwera kale, ndipo atsikanawo anailandira aliyense atagwira mbali yake. Sukulu yathu inatsika pa mndandanda dzuwa lisanapendeke.

Kunatsala bambo awo. Madzulo omwewo a Kamwendo anakawapeza kumunda, nawapempha kuti atsikana onse awiri azipita kusukulu. A Namate anali munthu waulemu, wolankhula chipewa chili m'manja, koma anakana. Nazale ikauma, kapitawo wa pa esiteti sadzafunsa za mayeso. Mmodzi apite kusukulu, mmodzi athirire, nkhani yatha. A Kamwendo anavomera kuti mfundoyo ndi yomveka, natsanzika.

Lachiwiri m'mamawa, a Namate potsikira kudambo anapeza mkulu wa imvi, wa tayi, atapinda buluku mpaka m'mawondo, akutunga madzi pachitsime ndi kheni yothiririra. Izi anandifotokozera a Namate eni ake pambuyo pake, akugwedezabe mutu.

"Aphunzitsi! Mukutani kodi?"

"Ndabwera m'malo mwa mwana. Mwati pakufunika munthu mmodzi. Munthuyo ndi uyu."

"Ayi ndithu, sizingatheke. Anthu ationa bwanji ife?"

Anawalanda kheni, a Kamwendo anatola ina. Anawalanda imeneyonso, iwo anatola ndowa. A Namate anathamangira kunyumba kukatenga mpando, poti mlendo wamkulu sangaime, n'kuuika pakati pa mabedi a fodya. Mpandowo unangokhala wokha. Mayi a ana anasiya khasu kumunda kukaphika tiyi. Ndipo mlendo wotere, wofika koyamba pakhomo pa anthu obwera, sangabwerere osadya chinthu cholozeka, choncho nkhuku inagwidwa. Kukana kukanakhala chipongwe, ndiye a Kamwendo anadya. Anafika kusukulu chakumasana, matope mpaka m'makutu, nadzilembera okha kadontho ka wochedwa.

Lachitatu anapitanso. Apa matenanti a nyumba zonse anasiya makasu kudzaonerera. Wina anakuwa kuti a Namate alemera, alemba aphunzitsi ganyu. Kapitawo anabwera pa njinga, ukali uli tho, kudzafunsa chifukwa chake theka la esiteti laima. Atawaona a Kamwendo anavula chipewa, poti anamuphunzitsa Sitandade 3, ndipo posakhalitsa anapezeka nayenso wanyamula kheni. Nkhuku yachiwiri inapita.

Lachinayi a Namate anawadikirira panjira, asanafike kudambo, nagwada.

"Aphunzitsi, ndapota nanu. Nkhuku yatsala imodzi, ndipo ndi yoikira. Atengeni onse awiri. Koma inuyo musabwerenso."

A Kamwendo sanasangalale msanga. Anamasula mphira, natsegula tsamba latsopano. Masiku awiri aja, pakati pa kulandidwa makheni, anali akuwerenga: makheni angati pa bedi, mapazi angati kuchoka pachitsime. Anawaonetsa a Namate kuti atsikana awiri akayamba limodzi kukangocha, amaliza belu loyamba lisanalire, ntchito imene mmodzi ankathera nayo m'mawa wonse. A Namate anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, nati zikanakhala bwino aphunzitsi akanayamba ndi tsamba limeneli Lachiwiri, nkhuku zikanapulumuka. A Kamwendo anayankha kuti Lachiwiri tsambalo linali lisanalembedwe. Sabata yotsatira a Nambewe anatumiza ku esiteti thadzi ndi anapiye ake, atakalipa kaye mokwanira.

Kalata ya Felesiya inafika Lachinayi lomwelo masana, pa kagalasi komwe kaja. Ahedi a ku Phalombe anailemba, kuidinda, kuijambula ndi foni n'kutumiza. A Tamanda anachita kukwera pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira kusaka netiweki, a Kamwendo ali pansi atawagwirira nsapato. Kalatayo itatulukira, mkuluyo anaiwerenga kawiri, napukuta galasilo ndi tayi yawo. Sanapepese kagalasiko, koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kunyambita chala. Ahedi athu anawonjezera dzinalo pansi pa mndandanda ndi bolopeni, osayang'ana munthu, ndipo kusalankhulana kuja kunayambira pamenepo.

Lachisanu wojambula anapachika nsalu yake pakhoma, ana ali pamzere. Esinati anajambulidwa, nathamangira kuseri kwa kalasi kukasinthana zovala ndi mkulu wake. Wojambulayo anafika pa dzina lomaliza, lolembedwa pamanja.

"Felesiya Namate!"

Zii.

"Felesiya Namate! Palibe? Ine ndikupakira."

Mtsikanayo anali chiimire patsogolo pake penipeni, akuyang'ana uku ndi uku ngati ena onse, kudikira kuti mwini dzina ayankhe. Miyezi iwiri yoyankha dzina la mng'ono wake inali itamuiwalitsa kuti pasukulu pano angaitanidwe ndi lake. A Kamwendo anasendera, namunong'oneza, "Akunena iwe, mwanawe." Pa chithunzicho anatuluka atatong'ola maso, kukamwa kuli yasa, yunifolomu itamufupikira manja, ndipo a Kamwendo anati chithunzi chokongola chotere sanachionepo.

Onse awiri analemba mayeso, onse anakhoza. Felesiya anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, Esinati anabwereza n'kutsatira chaka chinacho. Lole inawatenga fodya atagulitsidwa, monga mwa nthawi zonse, ndipo malo a Felesiya a Kamwendo anawasamutsira ku Phalombe ndi makalata atatu ndi mkangano umodzi. Sanadzawaonenso ana aja.

Pamaliro paja, titachoka kumanda, ndinaona mtsikana wamtali atakhala pakati pa amayi, nkhope yoti ndikuidziwa. Ndinayamba kusakasaka dzina m'mutu, mantha atandigwira kuti ndilakwitsanso. Sanandipatse mpata. Anaimirira, nagwira dzanja langa ndi manja awiri, nanena mokweza moti amayi a mpingo anatembenuka.

"Ndine Felesiya, madamu. Felesiya Namate. Ndili Folomu 4."

Uthenga anaumva pa foni kwa kapitawo uja. Anayenda tsiku lathunthu pa basi kuti adzanene zimenezo, ndipo woyenera kuzimva tinali titamukwirira kale.

Chichitikireni nkhani ya atsikana aja, a Kamwendo anayamba chizolowezi china chimene sanachisiye ngakhale atapuma ntchito. M'mawa uliwonse ankalowa m'kalasi mwanga, kukhala pa chitini chakale cha penti chimene anachivundikira pakona yakumbuyo, pafupi ndi zenera losweka, mawondo ali m'mwamba. Sankalankhula. Ankangoyang'ana nkhope za ana, imodziimodzi, kwa mphindi zingapo, n'kutuluka. Ndinkadandaula kuti akundisokonezera kalasi, ndipo tinakanganapo kangapo. Anasiya miyezi itatu yapitayo, miyendo itawakana.

Chitinicho chilipobe. Pakhoma pamwamba pake pali banga lakuda la mafuta a m'mutu mwawo, ndipo pansi simenti inakumbika pomwe chidendene chawo chinkagunda akatopa nane. Kalasi ndi yodzaza kuposa kale, ena amakhala pakhomo miyendo ili panja, koma pakona ija palibe amene amakhalapo, chonsecho sindinawaletse. Osesa amasesa mozungulira. Dzulo mvula inawomba kudzera pa zenera lija, ana okhala pafupi anachikokera pouma, ndipo itasiya anachibwezera pamalo pake osauzidwa. Ndinatembenukira kubolodi, ndinalemba deti kawiri. Ndawasowa mkulu uja. Ndikayang'ana kumbuyo kuja ndimaona nkhope zambirimbiri, ndipo ndimachita mantha, chifukwa wondithandiza kuziyang'ana kulibe.